Mafuta Ake Ati?

Munthu akamupeza ndi khansa ya m'matumbo, madokotala amamugoneka pa kabedi kopapatiza n'kumulowetsa m'makina a CT, aja obowoka pakati. Amamuuza kuti akweze manja, akoke mpweya, augwire. Posakhalitsa zatha. Cholinga chake n'chomveka ngakhale kwa ife amene sitinaphunzire zachipatala: akufuna aone pamene chotupa chafika, aonenso ngati matenda alowa m'chiwindi kapena m'mapapo. Mpaka apa ndilibe funso. Koma pali akatswiri ena amene amatenga zithunzi zomwezo, chotupa n'kuchisiya pambali, n'kuyamba kuyeza mafuta. Munthu akudwala khansa, iwo maso ali pa mafuta a m'mimba mwake. Kodi mafutawo alakwanji? Nanga sikelo siilipo kale pakhomo pa chipinda cha namwino?

Inu ndi ine tinazolowera kuti nkhani ya kunenepa imathera pa sikelo. Ukwerapo, namwino alemba makilogalamu. Uima pakhoma, alemba msinkhu. Agawa kulemerako ndi msinkhu kawiri, ituluka nambala imene amaitcha BMI. Ikafika 25 akuti wayamba kunenepa, ikafika 30 akuti wapitirira muyezo. Palibe amene amatsutsa. Komatu masamu amenewa anawayamba ndi Adolphe Quetelet wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1830, ndipo bamboyu sanali dokotala. Anali katswiri wa masamu ndi nyenyezi, amene ankawerenga anthu ambirimbiri pamodzi pofuna kudziwa mmene munthu wamba amakhalira. Dzina lakuti BMI linadza mu 1972 ndi Ancel Keys wa ku America. Tsono njira yowerengera chigulu cha anthu inasanduka liti yoweruzira munthu mmodzi amene wagona pabediyu? Anavomereza ndani?

Titenge amuna awiri, onse aatali mamita 1.7, onse olemera makilogalamu 70. Woyamba ndi wa kabaza, miyendo ndi minofu yokhayokha, mimba yophwa. Wachiwiri amaswera pampando, manja ndi miyendo n'zowonda, koma lamba amamangira m'munsi mwa mimba. Onsewa BMI yawo ndi 24. Pepala likuti onse ali bwinobwino. Ngakhale mwana akhoza kuona kuti matupi awa ndi osiyana, koma nambala siikuona. Atadwala matenda amodzi, n'kulowa m'chipinda chimodzi cha opaleshoni, adzatulukamo mofanana? Ngati ayi, sikelo ija inayeza chiyani?

Amene anaonapo nkhumba ndi mbuzi zikutumbulidwa ali kale ndi theka la nkhaniyi. Nkhumba imasunga mafuta pansi pa chikopa. Mpeni umayamba wadutsa mafuta ochindikala usanafike pa nyama. Mbuzi ukaisenda imaoneka yopanda mafuta. Koma tsekula mimba uone. Pamwamba pa matumbo payalidwa mafuta oyera opyapyala a mabowomabowo, impso zakwiririka m'zibulumwa, ndipo matumbo enieniwo alendewera ku kachikopa kodzaza mafuta ndi timitsempha. Munthu ali ndi mitundu iwiri yonseyi. Ali ndi mafuta a pansi pa khungu, amene mungawatsine ndi zala. Alinso ndi a m'kati, kuseri kwa minofu ya pamimba, amene simungawagwire ngakhale mutafinya bwanji. Wina amasunga ambiri kunja, wina ambiri m'kati. Chimasankha malo n'chiyani? Ndipo poti onsewo ndi mafuta, akusiyana pati?

Akuti akusiyana kwambiri, ndipo si nkhani yadzulo. Mu 1947 dokotala wa ku Marseille ku France, Jean Vague, anasiyanitsa anthu onenepa pamimba ndi pachifuwa ndi anthu onenepa m'chiuno ndi m'ntchafu. Mu 1956 analemba kuti gulu loyambalo ndi limene limadwala kwambiri shuga ndi matenda a mitsempha ya magazi. Nthawi imeneyo makina a CT kunalibe. Ngati dokotala anaziona zimenezi agogo athu ali anyamata, bwanji mpaka lero timangokwezedwa pa sikelo?

Chimene amafotokoza n'chakuti mafuta a m'kati sangokhala phee. Magazi ochoka m'menemo amayamba adutsa m'chiwindi, kudzera mu mtsempha waukulu womwe uja umene umanyamula chakudya kuchokera m'matumbo. Mafutawa amatulutsa timadzi toyambitsa kutupa kwa m'kati kosaoneka ndi maso, amachititsanso kuti thupi lisamamvere insulin. Thupi likasiya kumvera, kapamba amapanga insulin wochuluka, ndipo insulin wochuluka amalimbikitsa maselo kukula ndi kuchulukana. Maselo a khansa amafuna zomwezo. Mu 2016 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linanena kuti pali umboni wokwanira wakuti kunenepa kwambiri kumawonjezera chiopsezo cha mitundu 13 ya khansa, ya m'matumbo ili momwemo. Khansa imeneyi si yaing'ono: mu 2022 inagwira anthu pafupifupi 1.9 miliyoni padziko lonse n'kupha oposa 900,000. Zonsezi ndikuzimva. Koma ndi nkhani ya matenda asanayambe. Munthu amene chotupa chamera kale, kumuyeza mafuta lero kumuthandiza chiyani? Si kuchedwa kumeneko?

Tisanafike pamenepo, makinawo amadziwa bwanji kuti awa ndi mafuta? Sakhudza, salawa. Makina oyamba a CT anapangidwa ndi Godfrey Hounsfield, injiniya wa kampani ya EMI ku England, ndipo anajambula wodwala woyamba mu 1971 pa chipatala cha Atkinson Morley ku London. Mu 1979 analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, amene anali atakonza masamu a ntchitoyi payekha. Makinawa amazunguza X-ray kuzungulira thupi n'kuona kuchuluka kwa cheza chimene chatsekerezedwa pa kadontho kalikonse. Kadontho kalikonse kamapatsidwa nambala. Madzi ndi 0. Mpweya ndi -1000. Mafuta amakhala cha pa -100, minofu ili pamwamba pa ziro, fupa lili m'mahandiredi. Ndiye wofufuza amauza kompyuta kuti chilichonse cha pakati pa -190 ndi -30 ndi mafuta, ndipo kuyambira -29 mpaka 150 ndi minofu. Ena poyeza mafuta a m'kati amachepetsa malirewo, n'kutenga -150 mpaka -50. Thupi limadziwa kuti pakati pa -30 ndi -29 pali malire? Nanga kadontho kamene kagwera pampaka, theka mafuta theka mnofu, n'kandani?

Chondidabwitsa kwambiri ndi ichi. Makinawo amatulutsa zithunzi mazanamazana za mimba imodzi, chilichonse chikuonetsa thupi ngati lalidulidwa chopingasa. Koma woyeza mafuta amatengapo chimodzi chokha. Amakhala pa kompyuta, apeza nthiti yomalizira, n'kuyamba kuwerenga mafupa a msana chotsika: loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pa lachitatulo, limene amalitcha L3, aima. Chithunzi chake n'chozungulira, fupa loyera lili m'munsi, matumbo ali pakati ndi timatumba takuda ta mpweya. Ayamba kupaka mitundu. Kawirikawiri minofu imakhala yofiira, mafuta a m'kati achikasu, a pansi pa khungu obiriwira. Azungulira mosamala m'mbali mwa matumbo kuti zam'matumbo zisawerengedwe ngati mafuta. Akamaliza, kompyuta imuuza kukula kwa malo a mtundu uliwonse m'masikweya sentimita. Ofufuza a ku yunivesite ya Alberta ku Canada anasonyeza mu 2008 kuti pa odwala khansa, kachigawo kameneka kamagwirizana bwino ndi kuchuluka kwa mafuta ndi minofu ya thupi lonse. Chabwino. Koma kachigawoko kuchindikala kwake ndi mamilimita ochepa chabe. Munthu yense, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, angakwane m'mamilimita? Matumbo amayendayenda; akadajambula mawa akadapeza nambala yomweyo? Ndiponso pali anthu ena obadwa ndi mafupa 6 a m'munsi mwa msana m'malo mwa 5. Amenewo L3 wawo ndi uti?

Tinene kuti nambala yatuluka. Yambiri ndi iti, yochepa ndi iti? Nambala imene imatchulidwa kawirikawiri ndi masikweya sentimita 100. Inachokera ku Japan, kumene akatswiri a za kunenepa anaikhazikitsa mu 2002. Iwo ankayeza pa mchombo, osati pa L3, ndipo ankaganiza za shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima, osati khansa. Kuchokera pa 100 ameneyu ndi pamene anapeza muyezo wa tepi m'chiuno wa masentimita 85 kwa amuna ndi 90 kwa akazi, umene kuyambira 2008 amayezera anthu a zaka 40 mpaka 74 m'dzikomo. Ofufuza ena amagwiritsa ntchito 130, ena amaika nambala ya amuna payokha ya akazi payokha, enanso amagawa mafuta a m'kati ndi a kunja n'kuona chotsatira. Ndiye munthu mmodzi yemweyo, chithunzi chimodzi chomwecho, kwa uyu ndi wonenepa m'kati, kwa uyo ali bwino. Mchombo nawo sukhala malo amodzi. Wa mimba yaikulu umatsika. Timvere uti? Wodwala auzidwe ziti?

Apa nkhani ikutikhudza ifenso. Mu 2005 bungwe la International Diabetes Federation linaika miyezo ya chiuno ya mitundu ya anthu. Kwa azungu a ku Ulaya linati masentimita 94 amuna, 80 akazi. Litafika pa anthu a kum'mwera kwa Sahara, linati tiyambe tabwereka ya ku Ulayayo mpaka padzapezeke yathuyathu. Chikhalirecho ofufuza a ku South Africa apeza kuti amayi akuda amakhala ndi mafuta a m'kati ochepa poyerekeza ndi amayi achizungu olemera mofanana nawo, komabe matupi awo samvera insulin bwino. Ndiye kuti mafuta ochepa akhoza kubwera ndi vuto lalikulu kwa wina, ochuluka ndi vuto laling'ono kwa wina. Mayi wa ku Dedza kapena wa ku Chipata akajambulidwa lero, nambala yake aiyerekeze ndi ya ndani? Ya ku Japan? Ya ku Alberta?

Munthu mmodzi amene funso la mafuta a m'kati silimudabwitsa ndi dokotala wa opaleshoni. Iye amakumana nawo ndi manja. Kuti achotse chotupa ayenera kudula gawo la thumbo limodzi ndi kachikopa ka mafuta kaja, kumanga mitsempha imene yabisala m'menemo, kenako kulumikiza mbali ziwiri zotsala. Mafuta akachuluka mitsempha sioneka, malo ogwirira ntchito amachepa, makamaka m'chiuno mwa mwamuna momwe ndi mopanikizika kale. Kafukufuku wambiri wapeza kuti mwa anthu otere opaleshoni imatenga nthawi yaitali, bala limachita mafinya kawirikawiri, polumikiza paja pamatha kuchucha, ndipo opaleshoni imene inayamba ndi timabowo ting'onoting'ono imathera pong'amba mimba yonse. Apa ndiye phindu la kuyeza ndikuliona: adziwiretu asanagwire mpeni. Komabe dokotala wozolowera amayang'ana chithunzicho ndi maso n'kudziwa kuti lero kuli ntchito. Nambala ikumuuza chiyani chimene maso ake sanamuuze? Ndipo akadziwa, achite chiyani, poti chotupa sichingadikire kuti munthu aphwetse mimba?

M'mafuta achotsedwawo muli chinanso. Muli timagulu tija timatupa m'khwapa kapena m'mphechepeche munthu akakhala ndi bala, tija timati mwanabere, ndipo khansa ikayamba kufalikira imakonda kufikira m'menemo. Wa ku labotale amafunika apeze osachepera 12 kuti anene motsimikiza ngati matenda afalikira, ndipo yankho lake ndi limene limagamula zoti munthu alandire mankhwala a kemo kapena ayi. Amatifufuza ndi zala ndi kampeni m'kati mwa mafuta achikasu, tina tating'ono kwambiri. Akapeza 9 tokha, tonse tabwino, ndiye kuti munthuyo wapulumuka? Kapena koipako katsala m'mafuta?

Tsopano gwirani mtima, chifukwa apa nkhani ikutembenuka. Tauzidwa kuti mafuta ndi oipa. Koma atatsatira odwala khansa ya m'matumbo oposa 3,000 ku California, ofufuza a bungwe la Kaiser Permanente anapeza kuti onenepa pang'ono ankakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa amene sikelo inkati ali bwino. Atabwerera ku zithunzi za CT anaona kuti odwala pafupifupi 4 mwa 10 alionse anali ndi minofu yochepa pa tsiku limene anapezeka ndi matenda, ndipo amenewa ndiwo ankafa msanga. Onenepa pang'ono aja ambiri anali ndi minofu yokwanira. Carla Prado ndi anzake ku Alberta anali ataona kale mu 2008 kuti mwa odwala khansa onenepa kwambiri 250, okwana 15 pa 100 alionse anali atatha minofu m'kati, kunja akuoneka odzaza. Ndiye tinapita kukayeza mafuta, tabwerako ndi nkhani ya minofu. Chikupha munthu n'chiti, chachikasu chochulukacho kapena chofiira chochepacho? Kapena n'ziwiri zikakumana?

Palinso funso limene ndikuona kuti aliyense akanafunsa. Chithunzi chija chimajambulidwa munthu atadwala kale, mwina miyezi yambiri. Khansa imadya thupi. Imachotsa chilakolako cha chakudya, imasungunula mafuta ndi minofu yomwe. Wodwala akapezeka ndi minofu yochepa n'kumwalira msanga, kodi wamwalira chifukwa cha minofu yochepayo, kapena minofu inachepa chifukwa matenda ake anali aukali kuyambira pachiyambi? Chinayamba n'chiti? Chithunzi cha tsiku limodzi chinganene za dzana?

Ndipo kwathu kuno maso amatinamiza kawiri. Mimba ikatuluka timati zinthu zikuyenda, bwana akudya bwino. Munthu akayamba kuwonda timanong'onezana za matenda ena, ndipo mwini wake amachita manyazi. Bambo amene manja ake akuphwa, mphamvu zikutha, chimbudzi chasintha ndipo nthawi zina chikubwera ndi magazi, koma mimba idakali pomwepo, ndani pakhomopo adzanene kuti akudwala? Sikelo ikatsika ndi makilogalamu awiri okha, ndani adzadziwe kuti minofu yapita yambiri ndipo mafuta atsala?

Pamene pamandipweteka ndi pa mankhwala. Mankhwala a khansa ya m'matumbo monga fluorouracil ndi oxaliplatin ndi aukali. Akachepa sagwira, akachuluka amazula munthu. Mlingo wake amauwerengera potengera kukula kwa khungu lonse la thupi, ndipo kukulako amakupeza ndi masamu a msinkhu ndi kulemera. Imodzi mwa njira zodziwika za masamu amenewa inalembedwa mu 1916 ndi Delafield Du Bois ndi Eugene Du Bois ku America, atayeza anthu 9. Anthu 9 okha. Ndiye amuna athu awiri aja, wa kabaza ndi wa pampando, adzaikidwa dilipi ya mlingo umodzi. Chonsecho gulu la ku Alberta lomwe lija linapeza kuti odwala a minofu yochepa ndi amene fluorouracil amawapweteka kwambiri: zilonda m'kamwa, kutsekula m'mimba, magazi kuchepa mphamvu, mpaka mankhwala kuchepetsedwa kapena kuimitsidwa. Chithunzi chosonyeza kusiyana kwa anthu awiriwa chili kale m'kompyuta ya chipatala. Akatswiri amati umboni sunakwane woti n'kusinthira mlingo potengera chithunzi, ndipo kuchepetsa mankhwala mwachisawawa kungapatse khansa mpata. Ndikuvomereza, ndi mantha oyenera. Koma umboni wa anthu 9 unakwana bwanji?

Taganizani za mtengo wa chithunzi chimenecho kwa wodwala. Wayenda ulendo wautali, wadikira pamzere, mwina banja lagulitsa mbewu kapena chiweto. Walandira cheza chochuluka kuposa chimene munthu amalandira mwachilengedwe m'chaka chathunthu. Kuyeza mafuta ndi minofu sikufuna kumujambulanso, sikufuna jekeseni wina. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa ImageJ imene ingagwire ntchitoyi, ndipo masiku ano kuli mapulogalamu opaka mitundu ija okha m'kanthawi kochepa. Komabe m'zipatala zambiri, ngakhale za m'mayiko olemera, lipoti la CT limanena za chotupa, chiwindi ndi mapapo, za mafuta ndi minofu lili duu. Manambalawo amathera m'magazini a ofufuza. Wodwala amene thupi lake linayezedwa sawamva. Chikusowa ndi nthawi? Ndi anthu? Kapena palibe amene akufuna kulemba nambala imene sadziwa chochita nayo?

Chochita mwina chayamba kuoneka. Mu 2025 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa CHALLENGE, wotsogoleredwa ku Canada, wa odwala 889 amene anali atachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo n'kumaliza kemo. Theka linangopatsidwa timabuku ta malangizo a zaumoyo. Theka linalo linapatsidwa mlangizi wowalimbikitsa kuchita masewera olimbitsa thupi kwa zaka 3, ndipo ambiri anasankha kuyenda ndawala kangapo pa sabata. Patatha zaka 5, mwa oyenda aja 80 pa 100 alionse anali moyo opanda khansa, pamene mwa a timabuku anali 74. Ndi kusiyana kumene mankhwala ena odula amanyadira. Koma pa sikelo magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni. Oyendawo sanaonde. Nanga chinasintha n'chiyani m'katimo? Chachikasu chinachepa? Chofiira chinakula? Kapena ndi china m'magazi chimene ngakhale makina a CT sachiona?